Mauritius: Mtundu Umene Unabwera ndi Nzimbe

Pamene Adatchi anakocheza pa Mauritius mu 1598, sanapezepo mudzi, mfumu kapena manda. Chilumbachi, chomwe chili m'nyanja ya Indian Ocean kum'mawa kwa Madagascar, chinabadwa ndi chiphalaphala cha mapiri ophulika, ndipo kukula kwake sikufika masikweya kilomita 2,000. Anthu oposa 1.2 miliyoni amene alipo lero ndi zidzukulu za obwera, ndipo ambiri mwa makolo awo sanabwere mwa kufuna kwawo. Chinawakoka ndi nzimbe.

Adatchi anadzala nzimbe, nadula mitengo, nachoka mu 1710 mbalame ya dodo itatha kale. Afalansa anatenga chilumbachi mu 1715, ndipo kuyambira mu 1735 bwanamkubwa Mahé de La Bourdonnais anakuza doko la Port Louis ndi thukuta la akapolo ochokera ku Madagascar ndi ku gombe la Mozambique. Apa mbiriyi ikutikhudza. M'kaundula wa atsamunda dzina loti “Mozambique” linameza mitundu yambiri: Amakua, Ayao, ngakhalenso Amaravi ogwidwa kumtunda kuno. Zilankhulo zawo zinazimirira m'mibadwo yochepa, n'kusiya Chikiliyo chimene pafupifupi aliyense amalankhula masiku ano.

Angelezi analanda chilumbachi mu 1810, ndipo ukapolo unathetsedwa pa 1 Febuluwale 1835. Chipukutamisozi cha mapaundi pafupifupi 2 miliyoni chinapita kwa eni akapolo. Akapolowo, oposa 60,000, sanalandire ngakhale kamunda. Atakana kubwerera m'minda ya mabwana awo akale, eni minda anatembenukira ku India. Kuchokera mu 1834, anthu pafupifupi theka la miliyoni anabwera pa mgwirizano wa ntchito, ndipo ana awo ndiwo anadzachuluka koposa pa chilumbapo.

Mu 1961 katswiri wa zachuma James Meade anachenjeza kuti dziko lodalira mbewu imodzi, anthu akuchulukana chotero, lingagwe m'mavuto aakulu. Sizinatero. Ufulu utabwera mu 1968 pansi pa Seewoosagur Ramgoolam, shuga anagulidwa pa mtengo wokwera ku Ulaya kudzera m'pangano la Lomé la 1975, ndipo phindu lake linalowa m'mafakitale a zovala ndi m'mahotela. Mabanki anatsatira pambuyo. Akatswiri amakonda kuchitcha chozizwitsa, koma mawuwa amaphimba zambiri. Eni minda akale ndiwo anali ndi nthaka ndi ndalama zoyambira, pamene zidzukulu za akapolo zambiri zinatsalira m'usodzi ndi m'ntchito zapadoko.

Mkwiyo wawo unaonekera mu Febuluwale 1999, woimba Kaya atafera m'chitokosi cha apolisi: zipolowe zinabuka kwa masiku angapo. Phiri la Le Morne, kumene akapolo othawa ankabisala, linalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2008, patadutsa zaka 173 chithetsedwere ukapolo.