MBIRI YA MAINA A NYAMA ZA M'CIGWA CA LUANGWA

Mphunzitsi ali yense wa phunziro la cilengedwe adzakomana tsiku lina ndi mafunso awa: Kodi maina a Cilatini amene ali m'mabuku anacokera kuti? Nanga bwanji buku lakale lichula nyama ndi dzina lina, ndi buku latsopano dzina linanso? Yankho lace liri m'mbiri, ndipo ife a kum'mawa kwa Zambia sitisowa kulifuna kutali, pakuti cigwa ca Luangwa citiphunzitsa zonsezi, ndi nyama zace zamoyo pamodzi ndi mafupa okwiririka m'miyala yace.

Mwambo wocha camoyo ciri conse maina awiri unakhazikitsidwa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden. Iye analongosola zomera m'buku lace la caka ca 1753, ndi nyama m'buku la 1758. Dzina loyamba liri la pfuko, laciwiri liri la mtundu, monga momwe munthu ali ndi mfunda wa makolo ace ndi dzina lace la iye mwini. Mtundu ukakhala ndi nthambi zosiyana pang'ono m'maiko osiyana, aonjeza dzina lacitatu. Koma Linnaeus yemweyo sanakhoze zonse. Nyamalikiti anamuika m'pfuko la Cervus, ndilo la mbawala za ku Ulaya za nyanga zanthambi, ndipo anzace a pambuyo ndiwo anamcotsamo nampatsa pfuko lace la Giraffa. Tiona tsono kuti kuyambira paciyambi maina awa akhala akukonzedwa pamene nzeru zirikukula.

Nyamalikiti wa ku Luangwa analowa m'mabuku amenewa m'caka ca 1911. H. S. Thornicroft, bwana wa boma ku Petauke, anatumiza cikopa cace ku nyumba yosungiramo zacilengedwe ku London. Kumeneko Richard Lydekker anapenya maanga ace, naona kuti asiyana ndi a anzace a kwina, namucha Giraffa camelopardalis thornicrofti. M'caka ca 1914 Gilbert Blaine anacita cimodzimodzi ndi nyumbu ya m'cigwamo, naicha cooksoni. Akunda, Ansenga, Abisa ndi Asenga anazidziwa nyamazi kalekale, kumene zimamwa ndi mitengo imene zimadya, koma maina amene analembedwa ndiwo a alendo amene anatumiza zikopa.

Cifukwa ninji cigwa cimodzi cikhale ndi nyamalikiti wacewace ndi nyumbu yaceyace? Luangwa uyenda m'cigwa cakuya cimene cinapangika pamene nthaka inang'ambika ndi kutitimira. Kumadzulo kuli phiri lalitali la Muchinga, ndi kum'mawa kuli mitunda yokwera kunka ku Chipata ndi Lundazi. Pansi m'cigwa muli kutentha, ndi mitengo ya tsanya, nsangu ndi mthethe. Pamwamba pali nkhalango za miombo, zimene ziribe cakudya cokwanira nyamalikiti. Nkhalangozo zakhala ngati linga. Nyama za m'katimo zinabalana zokhazokha kwa mibadwo yambirimbiri, kufikira maonekedwe ao anapatuka pang'ono. Anyamalikiti a ku Luangwa sapezeka kwina kuli konse m'thengo, ndipo onse pamodzi safika 1,000.

Dzina la 1911 nalonso linasinthika. Akatswiri atayamba kuyesa zacibadwa za m'thupi, zimene azicha DNA, anapeza kuti mbale weniweni wa nyamalikiti wathu ndiye wa ku Tanzania ndi Kenya, si wa ku Namibia kapena Botswana ai. M'caka ca 2016 Julian Fennessy ndi anzace anaonetsa kuti anyamalikiti a mu Afrika ali mitundu inai, osati umodzi, ndipo m'caka ca 2025 bungwe la IUCN linabvomereza mitundu inaiyo. Wa ku Luangwa tsopano awerengedwa nthambi ya Giraffa tippelskirchi. Dzina latsopanoli litiuza mbiri: makolo ace anali gulu limodzi ndi a kumpoto, njira ya pakati pao isanatsekeke.

Pansi pa mapazi a nyamazi pali mbiri ina yakale koposa. M'zaka za 1928 ndi 1935 Frank Dixey, mkulu wa opima miyala ku Nyasaland, anayenda kumtunda kwa cigwa natola mafupa osanduka mwala. Mafupawa anali a nyama zimene zinakhala ndi moyo zaka zoposa mamiliyoni 250 zapitazo, pamene kumeneko kunali nyanja ndi madambo a matope. Imodzi mwa izo ndiyo Oudenodon, nyama yopanda mano, yokhala ndi mlomo wonga wa kamba. Richard Owen anali ataicha kale dzina limeneli m'caka ca 1860 poona mafupa a ku Karoo, ku South Africa. Motero kunadziwika kuti nyama za Luangwa ndi za Karoo zinali za banja limodzi.

M'zaka za 1960 ndi 1961 A. R. Drysdall, wopima miyala wa boma la Northern Rhodesia, ndi James Kitching wa ku Johannesburg anabwerera komweko, nasonkhanitsa mafupa ambiri. M'miyala ya ku Ntawere, ya zaka pafupifupi mamiliyoni 240, anapeza cigaza ca nyama ya msinkhu wa galu wamng'ono, ya mano a kumbuyo otambalala operera zomera. Inali ya gulu limene nyama zoyamwitsa zinacokeramo. M'caka ca 1963 A. S. Brink anaicha Luangwa drysdalli, ndipo dzina la mtsinje wathu linasanduka dzina la pfuko la nyama. Caka comweco kunafika gulu lina locokera ku London, ndipo mwa mafupa amene linatola Barry Cox anacha nyama ina Zambiasaurus m'caka ca 1969.

Cozizwitsa cinadza m'caka ca 2004, pamene kummwera kwa Brazil, m'dera la Rio Grande do Sul, analongosola nyama ya pfuko lomwelo, naicha Luangwa sudamericana. Pambuyo pace pfukoli linapezekanso ku Namibia. Nanga kanyama ka pamtunda, kopanda mapiko ndi zipsepse, kakanaoloka bwanji nyanja yaikuru ya Atlantic? Sikanaoloke ai, pakuti masiku amenewo nyanjayo kunalibe. Afrika ndi South America, pamodzi ndi India, Australia ndi Antarctica, anali mtunda umodzi umene aucha Gondwana, ndipo nyanja ya pakati pa ife ndi Brazil inayamba kutseguka zaka pafupifupi mamiliyoni 130 zapitazo. Alfred Wegener wa ku Germany ananena m'caka ca 1912 kuti maiko amasendera, koma ambiri anamkana, ndipo mau ace anabvomerezeka m'zaka za m'ma 1960, iye atafa kale. Mafupa a ku Ntawere ali mboni imodzi ya coonadi cimeneco.

Tikaika nkhani ziwirizi pamodzi tiona phunziro limodzi. Nyamalikiti atisonyeza kuti phiri ndi nkhalango zikapatula zamoyo, izo zimasiyana. Mafupa a Luangwa atisonyeza kuti zamoyo zofanana zikapezeka m'maiko otalikirana, payenera kuti panali njira pakati pao kale. Ponse pawiri cinthu copambana ndico malo. Cikopa kapena pfupa losadziwika kumene linacokera liri ngati kalata yong'ambika dzina la woilemba.

Apa ndipo pali nchito yathu, aphunzitsi anzanga. Coyamba, tiphunzitse ana kuti akaona pfupa la mwala m'khwawa asaliswe, asaligulitse, ndiponso asalicotse pamalo pace. Lamulo la caka ca 1989 linaika zinthu zotere m'manja mwa National Heritage Conservation Commission, ndipo coyenera ndico kulemba malowo bwino ndi kudziwitsa mfumu ndi boma. Caciwiri, sukulu iri yonse ikhale ndi buku lace la maina. Ana afunse agogo ao maina a mitengo, mbalame, nsomba ndi nyama m'cinenero ca kwao, kumene zipezeka, nyengo imene zioneka, ndi zimene zinalipo kale koma tsopano zinatha. Pambali pa dzina liri lonse mphunzitsi alembe la Cilatini ngati alidziwa, ndi caka ca buku limene walitengamo, popeza taona kuti limasinthika.

Buku la Genesis litikumbutsa kuti kucha nyama maina inali nchito imene Mulungu anapatsa munthu paciyambi pomwe. Makolo athu anaigwira nchitoyi mokhulupirika popanda colembera. Nkhalamba zimene zisunga maina amenewa zirikutha caka ndi caka, ndipo ngati ife amene tidziwa kulemba ticedwa, ana a ana athu adzadziwa dzina la Thornicroft, koma dzina limene agogo ao anaichula nalo nyamayo adzalisowa.