Chithandizo cha kuchipatala kwa ongofika kumene m'dziko la Canada

Si m'zigawo zonse za dziko la Canada momwe munthu wololedwa kukhazikika m'dzikomo amayamba kulandira chithandizo chaulere cha kuchipatala akangofika, chifukwa chigawo chilichonse chimayendetsa chokha ntchito za umoyo.

Ku British Columbia, mlendo amadikira masiku otsala a mwezi umene wafika komanso miyezi ina iwiri, pomwe ku Quebec amadikira mpaka miyezi itatu. Chigawo cha Ontario chidathetsa kudikiraku m'chaka cha 2020.

Akadwala pa nthawi yodikirayi, mlendoyo amalipira yekha, n'chifukwa chake boma limalangiza kugula inshuwalansi yapadera. Iye amayeneranso kulembetsa msanga khadi la zaumoyo, kutenga nambala yogwirira ntchito yotchedwa Social Insurance Number, ndiponso kupezeratu malo ogona ongoyembekezera.