Mbiri ya Olongedza Mapulogalamu pa FreeBSD

M'masiku akale a Unix, pamene chiyankhulo cha C chimene anakonza Dennis Ritchie ku Bell Labs chinali chitafalikira m'mayunivesite, munthu wokhumba pulogalamu ya mnzake ankaikopera yekha, nakhetsa thukuta poikonza kuti imvane ndi kompyuta yake. Ndipo m'mawa mwake wina wa kutali ankavutikanso nayo chimodzimodzi, osadziwa kuti njirayo inalambulidwa kale.

Kudzafika pa 21 Ogasiti 1994, Jordan Hubbard, mmodzi mwa oyambitsa FreeBSD, anaika m'nkhokwe ya gululo malamulo a pulogalamu ya make amene anabala dongosolo lotchedwa ports, limene Satoshi Asami analisamala kwa zaka zambiri pambuyo pake. Nzeru yake inali yakuti amene wavutika koyamba alembe zonse zimene wachita, kuti obwera m'mbuyo angolamula kuti make install, ntchito n'kutha. Mutu umodzi susenza denga: a OpenBSD anatengera mwambowu, a NetBSD nawonso anayambitsa pkgsrc m'chaka cha 1997, ndipo lero ma port a FreeBSD apitirira 30,000.

Wophunzira ntchitoyi akafuna kulongedza laibulale ya C, amayamba ndi fayilo ya Makefile, m'mene amatchula dzina lake, komwe ikatengedwe, ndi malaibulale ena amene imadalira. Mu fayilo ya distinfo amasungamo chidindo cha SHA256, kuti chinthu chosinthidwa mwachinyengo chikanidwe. Zigamba zake amaika mu foda ya files. Ndipo mu pkg-plist amalembamo fayilo iliyonse imene idzakhazikitsidwe, ya .h ndi ya .so yomwe. Apa ndi pamene akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, pakuti laibulale siimirira payokha: akaiwala fayilo imodzi ya .h, mapulogalamu onse otsamira pa iyo adzakana kumangika m'manja mwa anthu amene sanawaonepo.

Chifukwa chake mzere wolemekezeka koposa mu Makefile ndi wa MAINTAINER, pamene wolongedzayo amalemba keyala yake ya imelo. Polemba pamenepo amachita pangano ndi anzake lakuti mwini laibulale akaikonzanso, kapena pakapezeka mpata woloweramo akuba, iyeyo ndiye adzaitanidwa, nadzayankha. Ndipo n'kukhulupirika kwa anthu otere, ochuluka a iwo osalandira malipiro, kumene kwasunga mwambowu zaka zoposa 30.