Mabwinja a Njanji ndi Nkhalango ya Khulubvi

Tauni ya Nsanje kale inkatchedwa Port Herald. Atsamunda anakonza pamenepo doko la sitima za pamadzi, ndipo pofika 1908 njanji inali italumikiza dokolo ndi Blantyre kudzera ku Chiromo. M'mbali mwa njanjiyo anamanga masiteshoni, nyumba za antchito ndi mosungira katundu. Madzi osefukira atadula njanji pafupi ndi Bangula m'chaka cha 1997, sitima inaleka kufika kwathu, ndipo zambiri mwa nyumbazo zinasiyidwira mileme.

Ena amati kusandutsa nyumba zakale kukhala mogona anthu ndi nzeru ya ku Ulaya. Ine ndikuti ku Chigwa cha Shire zinachitika kale, kungoti anakonza pulani ndi madzi. M'chaka cha 2019, monganso zinalili mu 2015, anthu othawa chigumula anadzaza masukulu ndi matchalitchi. Ku Bangula mabanja anapanikizana pa depoti ya ADMARC, malo omangidwira matumba a mbewu, opanda zipinda, opanda zimbudzi zokwanira. Nsima imafuna nkhuni, choncho mitengo yapafupi ndiyo inalipira. Zotere zinaonekanso m'zaka za m'ma 1980, pamene othawa nkhondo ya ku Mozambique anafika ku Nsanje mwaunyinji, mapiri nkuyamba kuyera.

Koma Khulubvi, nkhalango ya kachisi wa Mbona, idakalipo. Ilibe mpanda wa waya. Mwambo wa Amang'anja ndiwo umaletsa nkhwangwa, ndipo wolowamo amavula nsapato. Chodabwitsa nchakuti kachisi weniweniyo ndi wa mitengo ndi udzu, amamangidwanso akatha. Makolo anasunga malo, nyumba nkumaikonzanso monga kukufunikira. Ife ophunzira tazolowera zosiyana: timalira khoma la njerwa likagwa, mtengo ukagwa timangodutsa.

Sindikunena kuti bwinja lililonse ndi loyenera kugonamo. Zina mwa nyumbazo zili m'dambo momwe Shire ndi Ruo amafika mvula ikachuluka, ndipo kuika mwana mmenemo ndi kumupereka kwa ng'ona. Koma zimene zili pamtunda, maziko ake ngolimba, bwanji osazifolera, kuzidula zipinda ndi kuzikumbira zimbudzi chilimwe chisanathe? Namondwe Freddy atafika mu Malichi 2023, ana anasiyanso maphunziro kuti makalasi akhale mogona anthu.