Mmene Zilengezo Zinachulukira M'ndege

Munthu akakwera ndege masiku ano, amalankhulidwa kuyambira pamene wapeza mpando wake mpaka pamene akutsika. Amalandiridwa, amauzidwa poika chikwama, amakumbutsidwa za lamba ndi foni, amaonetsedwa makomo othawira pangozi. Ndege ikafika m'mwamba kaputeni amadzitchula dzina n'kufotokoza za nyengo ya kumene akupita, kenako ogwira ntchito m'ndege amalengeza za chakudya, za mafuta onunkhira amene ali pamalonda, za mphoto zimene kampani imapereka kwa oikwera kawirikawiri, ndipo zambiri mwa izi zimabwerezedwa m'zinenero ziwiri kapena zitatu. Anthu amadandaula kuti mawuwa achuluka, ndipo sakunama. Koma dandaulo lawo limamanga mtolo umodzi zinthu ziwiri zimene chiyambi chake n'chosiyana kwambiri. Zilengezo zina zinayamba anthu atafa, zina zinayamba makampani atafuna ndalama. Cholakwika chachikulu m'mbiri ya mwambowu n'chakuti mawu a malonda analoledwa kudutsa pa chimkuzamawu chomwecho, m'kamwa mwa munthu yemweyo amene tsiku lina adzayenera kumveredwa mosazengereza.

Poyamba m'ndege munalibe zilengezo, chifukwa munthu sakanazimva. Heinrich Kubis, amene amadziwika kuti ndiye woyamba kutumikira anthu m'mlengalenga, anayamba ntchito mu 1912 m'chombo cha ku Germany chonga chibaluni chachikulu, ndipo anali woperekera zakudya. Mu 1930 kampani ya Boeing Air Transport ku America inalemba ntchito Ellen Church ndi anamwino anzake asanu ndi awiri, poganiza kuti anthu achepetsa mantha akaona namwino ali nawo limodzi. Ulendo wochokera ku Oakland kupita ku Chicago unkatenga maola pafupifupi 20, ndege ikutera malo 13 panjira. Ndege za nthawi imeneyo, monga Ford Trimotor, zinali ndi phokoso logonthetsa m'kutu, moti okwera ankapatsidwa thonje lotsekera makutu, ndipo wogwira ntchito akafuna kumveka ankalankhulira m'kalipenga kokuzira mawu. Okwerawo ankangopitirira khumi pang'ono, choncho namwino ankatha kufika pampando uliwonse, kuwerama, n'kuona pankhope ngati munthuyo wamva. Kulankhula kunali ntchito yolemetsa, ndiye ankanena zofunika zokha.

Zinasintha ndege zitakula n'kuyamba kuuluka pamwamba pa mitambo. Boeing 307, yoyamba kunyamula anthu m'chipinda chosunga mpweya, inayamba ntchito mu 1940. Pan Am inayamba kuwoloka nyanja ya Atlantic ndi Boeing 707 mu 1958, ndipo mu 1970 inabweretsa Boeing 747 yonyamula anthu oposa 300. Khamu lotere sungalilankhule mmodzimmodzi. Kuuluka m'mwamba chonchi kunabweranso ndi zoopsa zimene nzeru zobadwa nazo sizingamuuze munthu. Mpweya ukathawa m'ndege, pamangotenga masekondi ochepa kuti munthu akomoke, n'chifukwa chake amauzidwa kuti ayambe wavala yekha chopumira asanathandize mwana, chinthu chimene kholo lililonse lingachikane ngati silinafotokozeredwe. Bungwe loona za ndege padziko lonse la ICAO, limene linakhazikitsidwa potsatira pangano la ku Chicago la 1944, linaika m'malamulo ake kuti okwera azidziwitsidwa za malamba, makomo, majekete oyandamitsa ndi zopumira. M'zaka zomwezo kaputeni anasanduka mwininyumba wocheza ndi alendo ake, kuwalozera mapiri ndi mizinda ya pansi. Tom Wolfe, m'buku lake la 1979 lotchedwa The Right Stuff, ananena kuti kalankhulidwe kodekha ka oyendetsa ndege a ku America kanatengera Chuck Yeager, woyesa ndege zankhondo wa ku West Virginia. Mwina anakometsera nkhani, koma anaona bwino kuti mawu a kaputeni anali atakhala mankhwala a mantha.

Wofuna kudula zilengezo ayambe wafunsa kumene chiganizo chilichonse chinachokera, chifukwa zambiri zili ndi manda kumbuyo kwake. Chenjezo lakuti musasute fodya m'chimbudzi linakhwima pambuyo pa ngozi ya ndege ya Varig pafupi ndi Paris mu 1973, pamene moto unayambira m'chimbudzi ndipo anthu 123 anafa, ambiri chifukwa cha utsi. Nyali za pansi zolozera kukhomo, zimene wolengeza amazitchula mothamanga, zinalamulidwa moto wina utapha anthu 23 m'ndege ya Air Canada imene inatera ku Cincinnati mu 1983. Ku Manchester mu 1985 anthu 55 anafa m'ndege imene sinanyamuke n'komwe, ndipo mwa zimene zinachedwetsa kuthawa n'zakuti wokwera amene anakhala pakhomo la pamwamba pa phiko anavutika kulitsegula. Lero wokhala pamenepo amafikiridwa payekha n'kufunsidwa ngati angathe. Chomvetsa chisoni kwambiri n'cha pa 23 Novembala 1996. Ndege ya Ethiopian Airlines yochokera ku Addis Ababa kupita ku Nairobi inalandidwa ndi anthu atatu ofuna kupita ku Australia, mafuta anatha, ndipo kaputeni Leul Abate anaiteretsa m'nyanja pafupi ndi gombe la chilumba cha Grande Comore. Mwa anthu 175 anafa 125, kuphatikizapo wojambula wotchuka wa ku Kenya, Mohamed Amin. Ambiri anapulumuka kugunda kwa ndegeyo, koma anali atapopa kale majekete awo ali mkati. Madzi atalowa, majeketewo anawakankhira kudenga, osathanso kumira kuti apeze potulukira. Mawu akuti musapope jekete musanatuluke amatenga masekondi atatu kuwanena.

Pali otsutsa oyamba, anthu oyenda pandege mwezi ndi mwezi, amene amati zonsezi anazimva kambirimbiri ndipo kuwabwerezera n'kuwayesa ana. Umboni sukuwavomereza. Pa 15 Januwale 2009 ndege ya US Airways itagunda mbalame n'kutera mumtsinje wa Hudson ku New York, anthu onse 155 anapulumuka, koma ofufuza ngozi a bungwe la boma la America la NTSB anapeza zodetsa nkhawa. Mwa okwera 150, amene anaonera mbali yaikulu ya chionetsero cha chitetezo anali 25 okha, ndipo amene anawerenga khadi la m'thumba la mpando anali 12. Ochuluka anatuluka opanda majekete, m'madzi ozizira koopsa a nyengo yachisanu, ndipo ambiri mwa iwo anali ozolowera kuuluka. Akuluakulu anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ndege zimasiyana makomo, mpando wa lero si wa dzulo, ndipo utsi ukadzaza munthu amatsogoleredwa ndi zimene wamva posachedwa. Komabe ziwerengero za ku Hudson zikunenanso china chimene makampani sakonda kuchimva: mawu opulumutsa moyo akunenedwa pa ulendo uliwonse, koma akugwera m'makutu otseka.

Chodabwitsa n'chakuti malamulo anazindikira kale kuti mawu osafunika amadya chidwi cha munthu, koma anateteza woyendetsa yekha. Mu Seputembala 1974 ndege ya Eastern Air Lines inagwa isanafike pabwalo la ku Charlotte kuli nkhungu, n'kupha anthu 72. Makina ojambula mawu anasonyeza kuti oyendetsawo ankacheza za ndale ndi za magalimoto akale m'malo moyang'anira kutsika kwa ndege. Mu 1981 boma la America linakhazikitsa lamulo loletsa nkhani zilizonse zosakhudza kayendetsedwe ka ndege pamene ikuyenda pabwalo, ikunyamuka, ikutera, kapena ili pansi pa mafiti 10,000, amene ndi mamita pafupifupi 3,000. Mwa zoletsedwazo, lamulolo limatchula mwachindunji kulengeza zotamanda kampani ndi kulozera okwera malo okongola. Ndiye chifukwa chake kaputeni amakhala chete nthawi zimenezi, ngakhale okwera amantha amafuna atamva mawu ake. Kuseri kwa chitseko cha oyendetsa, chidwi chinatengedwa ngati chuma choyenera kusungidwa. Kumipando ya okwera chinasiyidwa poyera kuti aliyense atapeko.

Amene anatapako kwambiri ndi a malonda. America itamasula msika wa ndege mu 1978, ndipo Ulaya itatsatira m'zaka za m'ma 1990, mitengo ya matikiti inatsika ndipo makampani anayamba kufunafuna ndalama m'njira zina. Anapeza kuti ali ndi anthu omangidwa malamba, osatha kuthawa, ndiponso chimkuzamawu chimene chimaimitsa filimu iliyonse n'kulowa mpaka m'zomvera za m'makutu. Mphamvu imeneyi inaperekedwa chifukwa cha ngozi, koma inayamba kugulitsa makhadi a ngongole m'ndege za ku America ndi matikiti a lotale m'ndege za Ryanair, imene inkalizanso lipenga ikafika pa nthawi yake. Oikira kumbuyo makampani amati ndalama zimenezi n'zimene zimathandiza wosauka kukwera ndege, ndipo mfundoyi si yachabe. Koma malonda angathe kuyenda pangolo yodutsa pakati pa mipando, m'magazini, kapena pa sikirini ya mpando, pomwe wosafuna atha kuyang'ana kumbali. Ryanair yomweyo inavomereza kuti phokosolo linapyola muyeso: chakumapeto kwa 2013 inalengeza kuti maulendo a m'mamawa isanakwane 8 koloko ndi a usiku kupitirira 9 koloko azikhala opanda zilengezo kupatula za chitetezo, ndipo kampaniyo inapitiriza kukula.

Wina anganene kuti okwera amatseka makutu chifukwa cha kubwerezabwereza kwa mawu a chitetezo enieniwo, osati chifukwa cha malonda. Kubwerezako kulidi ndi mbali yake yaikulu, ndipo ndi kumene kunachititsa Air New Zealand kuyamba mu 2009 kupanga mafilimu oseketsa a chitetezo, ena n'kutengera. Koma ngati chidwi cha wokwera n'chofooka kale chonchi, kuchisenzetsa katundu wina n'kulakwa kowirikiza. Munthu amene wamva belu kasanu n'kupeza kuti kanayi akumutsatsa malonda amaphunzira msanga kuti belulo silimukhudza. Ngakhale mafilimu oseketsa aja ali ndi vuto lomweli, chifukwa ena anasanduka otsatsa malo okopa alendo, ndipo woonera amakumbukira gombe lokongola, khomo n'kuliiwala.

Mtsutso wolemera kuposa yonse ndi wakuti chete amaopsa, ndipo apa ndikuvomereza ndi mtima wonse. Ndege ikaima pabwalo ola lathunthu, kapena ikayamba kugwedezeka, kapena ikalephera kutera n'kukweranso, munthu amene sakuuzidwa kanthu amadzipangira yekha nkhani yoipa. Pa 24 Juni 1982 Boeing 747 ya British Airways inalowa m'phulusa la phiri lophulika la Galunggung ku Indonesia ndipo injini zonse zinayi zinazima. Kaputeni Eric Moody anauza okwera m'ziganizo zochepa kuti pali kavuto, injini zonse zaima, akuyesetsa kuziyatsanso, ndipo akukhulupirira kuti sakuvutika kwambiri. Sanabise kanthu, sanachulutse mawu, ndipo ndegeyo inakatera ku Jakarta aliyense ali moyo. Ku Hudson, kaputeni Chesley Sullenberger ananena chiganizo chimodzi chokha chowauza kuti akonzekere kugunda, zotsalazo anafuula ndi ogwira ntchito m'ndege. Kulemera kwa mawu a kaputeni kunaonekanso momvetsa chisoni ku Kegworth, ku England, pa 8 Januwale 1989. Injini ya kumanzere ya ndege ya British Midland itawonongeka, oyendetsa anazimitsa ya kumanja imene inali yabwinobwino, ndipo kaputeni analengeza kuti vuto linali kumanja. Okwera ena anali ataona malawi kumanzere ndi maso awo, anadabwa, koma anangoti mwiniwake akudziwa. Anafa anthu 47. Mawu amene angagonjetse zimene munthu waona yekha ndi oopsa kuwagwiritsa ntchito mwachisawawa, ndipo kuchokera pa ngozi ngati imeneyi maphunziro a ogwira ntchito m'ndege anayamba kutsindika kuti uthenga uziyendanso kuchokera kumbuyo kupita kwa oyendetsa.

Pa 2 Januwale 2024 Airbus A350 ya Japan Airlines inawombana ndi ndege yaing'ono ya asilikali olondera nyanja pabwalo la Haneda ku Tokyo n'kuyaka moto. Zokuzira mawu za m'ndege zinafa, ogwira ntchito anagwiritsa zokuzira mawu zam'manja ndi mawu awo enieni, makomo otseguka anali atatu mwa asanu ndi atatu, koma anthu onse 379 anatuluka amoyo, atasiya katundu wawo monga anauzidwira. Chinagwira ntchito pamenepo ndi kumvera, ndipo kumvera kumafuna kuti munthu amve chinenero chimene akulankhulidwa. Mayi wonyamuka pa Chileka kapena pa Kamuzu koyamba, wopita kukaona ana ake kunja, akasintha ndege ku Addis Ababa amamva Chiamhariki ndi Chingelezi chothamanga, ndipo mwina sagwirapo kanthu. Mphindi zimene zikuthera pa mafuta onunkhira zikanakwanira kuti wogwira ntchito afike pampando wake, amulozere khomo loyandikira, amuonetse pamene pali jekete ndi chithunzi cha pakhadi. Mabungwe oyang'anira za ndege ali kale ndi chitsanzo m'lamulo la 1981 lija. Angathe kulamula kuti chimkuzamawu choimitsa filimu chizigwiritsidwa ntchito pa chitetezo, pa kuchedwa kwa ulendo ndi pa zimene wokwera ayenera kuchita akatera, ndipo zogulitsa zonse zizidutsa pangolo.