Kukumba mcenga ndi miyala: mmene madzi a mvula angatetezedwere ku Katete, Sinda ndi Vubwi

Mcenga ndi miyala ndi zipangizo zimene zimafunika pa nchito iliyonse yomanga. Bungwe la United Nations loona za cilengedwe, la UNEP, linalengeza m'caka ca 2022 kuti dziko lonse lapansi limagwiritsa nchito matani 50 biliyoni a mcenga ndi miyala caka ciliconse, ndipo madzi okha ndiwo amaposa pamenepa.

M'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, m'cigawo ca kum'mawa, kufunika kwa zipangizozi kwakula. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma odziimira paokha m'caka ca 2012, ndipo izi zinabweretsa nchito yomanga maofesi ndi nyumba. M'caka ca 2022 boma linakweza ndalama za CDF kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, zimene zinacurukitsa nchito yomanga masukulu, zipatala ndi misewu. Mcenga wambiri umatapidwa m'mitsinje ndi m'madambo, pamene miyala yothira pa misewu imakumbidwa m'maenje a m'mbali mwa misewu.

Vuto limayamba ndi mvula

Mvula m'maderawa imagwa kuyambira mwezi wa November kufika mwezi wa April. Pamalo pamene mitengo ndi udzu zacotsedwa, nthaka imakhala pamtunda. Madzi othamanga amakokolola dothi, mcenga wounjikidwa, pamodzi ndi mafuta otayika kucokera m'magalimoto, n'kuzitsira mumtsinje.

Matope akalowa mumtsinje amadetsa madzi akumwa, amakwirira malo oswanirana nsomba, ndiponso amadzaza madamu. Damu lodzala matope limasunga madzi ocepa ndipo limaphwa msanga. Kuopsa kwa zimenezi kunaoneka pa cilala ca 2024, cimene mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 February caka comweco. Alimi a madimba ndi oweta ng'ombe ndiwo amayamba kumva kuwawa damu likauma.

Palinso cinthu cina cimene ambiri saciganizira. Mcenga wa mumtsinje umasunga madzi pansi pake, ndipo m'cilimwe amayi amafukula pamenepo kuti atunge. Mcengawo ukatapidwa wonse, madziwo amathanso.

Matopewa sathera pafupi. Mtsinje wa Lupande umatsira mu Luangwa, pamene Kapoche ndi Vubwi imaoloka malire kulowa m'dziko la Mozambique. Motero zimene zatayidwa kumtunda zimafikira anthu a kutali.

Zimene malamulo akunena

Lamulo losamalira cilengedwe la nambala 12 la caka ca 2011 ndilo linakhazikitsa bungwe la ZEMA m'malo mwa Environmental Council of Zambia. Lamuloli limaletsa kutayira zoipitsa m'madzi popanda cilolezo, ndipo limafuna kuti nchito imene ingaononge cilengedwe iyambe yaunikidwa ndi kuvomerezedwa ndi bungweli. Lamulo la nambala 21 la caka comweco linakhazikitsa bungwe la WARMA, limene limayang'anira mitsinje, madamu ndi madzi a pansi pa nthaka.

Malo ambiri m'mabomawa ali m'manja mwa mafumu, monga a Kawaza, a Mbang'ombe, a Kathumba, a Nyanje ndi a Pembamoyo. Cifukwa ca ici, mafumu ndi anyakwawa ali ndi mphamvu yonena malo oyenera kukumbapo ndi malo oletsedwa.

Zofunika m'ndondomeko yabwino

Ndondomeko yoteteza madzi imakonzedwa fosholo isanakhudze nthaka. Coyamba ndi kuyendera malowo ndi kuona kumene madzi amacokera, kumene amadzera, ndi zitsime, madimba kapena madamu amene ali kumunsi.

Caciwiri ndi kupatutsa madzi oyera. Ngalande yokumbidwa kumtunda kwa dzenje imatsogolera madzi a mvula kuti alambalale malo a nchito, asasakanizike ndi matope.

Cacitatu ndi kugwira madzi amene adetsedwa kale. Kumunsi kumakumbidwa dziwe limene madzi amaimamo kwa nthawi, matope n'kudikha pansi, madziwo asanapitirire. Dziweli limayenera kucotsedwa matope lisanadzale, apo ayi limaleka kugwira nchito. Mizere ya miyala yoikidwa mopingasa m'ngalande imacepetsa liwiro la madzi.

Cacinayi ndi kusiya mitengo, bango ndi udzu m'mphepete mwa mtsinje. Mizu imagwira gombe kuti lisagumuke, ndipo udzu umasefa madzi. Udzu wa vetiva, umene alimi ambiri amaudziwa kale m'minda, umathandiza pa nchito imeneyi.

Milu ya mcenga ndi dothi la pamwamba iyenera kuunjikidwa kutali ndi njira ya madzi. Mafuta asungidwe pansi pa denga ndi pamalo a simenti, ndipo magalimoto asatsukidwire mumtsinje. Ndi bwinonso kukumba gawo limodzi pa nthawi, m'malo mosenda malo onse nthawi imodzi. Mvula yamphamvu ikagwa, woyang'anira nchito ayendere ngalande zonse ndi kukonza pamene paonongeka.

Nchito ikatha

Dzenje losiyidwa cabe limadzala madzi m'dzinja. M'menemo mumaswana udzudzu wofalitsa malungo ndi nkhono za likodzo, ndipo ana ndi ziweto angathe kumiramo. Ndondomeko yabwino imanena kuyambira paciyambi amene adzakwirira dzenje, kubwezerapo dothi la pamwamba ndi kubyala udzu ndi mitengo, ndiponso kumene ndalama zake zidzacokera.

Anthu amene aona madzi a mtsinje wao akudetsedwa ndi nchito yokumba angathe kudziwitsa nyakwawa, khonsolo ya boma lao, kapena bungwe la ZEMA.