Kashiamu akachuluka m'magazi a wodwala khansa

Kashiamu ndi mchere umene umalimbitsa mafupa ndi mano, ndipo magawo 99 pa 100 alionse a mcherewu amakhala m'menemo. Wochepa wotsalawo umayenda m'magazi, kuthandiza minofu, mitsempha ndi mtima kugwira ntchito. Mwa munthu wamkulu wathanzi, mlingo wake umakhala pakati pa 2.1 ndi 2.6 mmol pa lita imodzi. Ukapitirira pamenepo madokotala amati ndi hypercalcaemia, ndipo ukadutsa 3.5 moyo umakhala pachiswe.

Vutoli limapezeka kwambiri mwa odwala khansa ya m'mawere, ya m'mapapo, ya impso, ya kummero (yomwe ndi yofala kuno ku Malawi) komanso ya m'mafuta a m'mafupa yotchedwa myeloma. Nthawi zambiri chotupa chimatulutsa puloteni yotchedwa PTHrP, yomwe asayansi anaizindikira mu 1987. Puloteniyi imachititsa mafupa kutulutsa kashiamu, uku ikuletsa impso kumutaya m'mkodzo. Kwa ena, khansa imafalikira m'mafupa n'kumawadya.

Zizindikiro zake n'zosocheretsa. Wodwala amamva ludzu losatha ndipo amakodza pafupipafupi, moti achibale amaganizira matenda a shuga. Amadzimbidwa, amachita nseru, chakudya sachifuna. Kenako amafooka, amangosinza, amayankhula zosagwirizana, mwinanso osazindikira ana ake omwe. Apa ndi pamene mabanja ambiri amataya mtima n'kuyamba kuitana abale akutali, poyesa kuti nthawi yakwana. Chomvetsa chisoni n'chakuti kuyeza magazi kokha kukanaonetsa chimene chavuta. Vutoli likalekereredwa, impso zimafooka, mtima umagunda mosalongosoka ndipo wodwala amakomoka.

Kuchipatala amayamba ndi diripi ya madzi amchere, chifukwa wodwalayo amakhala atatha madzi m'thupi, ndipo madziwo amathandiza impso kutsuka kashiamu. Kenako amapereka zoledronic acid kapena pamidronate, mankhwala oletsa mafupa kuphwanyika, omwe mphamvu yake imaoneka pakatha masiku awiri mpaka anayi. Mapiritsi a kashiamu, a vitamini D ndi ena a BP a mtundu wa thiazide amaimitsidwa, choncho wodwazika atengere kuchipatala mankhwala onse amene wodwala akumwa.

Kutsitsa kashiamu sikuchiza khansa, ndipo vutoli limabwerera ngati chotupa sichinagonje ku mankhwala. Kawirikawiri limasonyeza kuti khansa yafika patali. Komabe wodwala amene anali wobalalika amatha kutsitsimuka m'masiku ochepa, n'kuyambanso kudya ndi kucheza ndi a m'banja mwake.